Wodwazika nkhalamba ali pantchito: kodi ndalama za boma zimamufika pati?

Mu Zambia mulibe ndalama yomwe boma limapatsa munthu chifukwa chakuti akusamalira amayi ake, atate ake kapena ambuya ake okalamba. Tiyambire pamenepa, poti anthu ambiri muno mu Chipata amatha masiku akuzungulira maofesi kufunafuna thandizo lomwe kulibe, n'kusiya lomwe lilipo. Lomwe lilipolo ndi logawikagawika. Pali Social Cash Transfer, pali inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, pali penshoni ya NAPSA, ndiye pali masiku owerengeka a tchuthi omwe lamulo la ntchito limapereka. Chilichonse chili ndi ofesi yake ndi mapepala ake. Zonsezi zimayang'ana msinkhu wa nkhalambayo, matenda ake kapena umphawi wa pakhomo, koma palibe ndi chimodzi chomwe chomwe chimawerengera nthawi imene wosamalirayo wachotsa pa ntchito yake.

Nthawiyo ndiye mtengo weniweni wa kudwazika. Taganizirani mayi wogulitsa tomato ndi repu pa msika wa Kapata, amene amayi ake anagwa sitiroko n'kufa ziwalo mbali imodzi. Asanapite kukapikula m'mawa ayenera kuwasambitsa, kuwasintha thewera, kuchapa zogonera ndi kuwadyetsa phala. Kudyetsako si kwa changu ayi. Wodwala sitiroko amavutika kumeza, choncho amafunika kumukhazika tsonga, kumupatsa pang'onopang'ono, ndi kumusiya ali chikhalire kwa kanthawi akatha kudya, chifukwa chakudya chikalowera kumapapo chimadzetsa chibayo. Munthu amene satha kudzitembenuza yekha amafunika kumutembenuza pafupifupi maola awiri aliwonse, apo ayi khungu la pamatako, m'chiuno ndi kuzidendene limayamba kufiira kapena kuda, kenako limaboola chilonda chomwe chimatenga miyezi kuti chipole. Maola awiri aliwonse sagwirizana ndi kukhala pa msika tsiku lonse, sagwirizananso ndi kuphunzitsa m'kalasi kapena kulondera pa geti. Mapeto ake wina amasiya ntchito, kapena mwana wamkazi amayamba kujomba kusukulu, kapena agogowo amatsekeredwa m'nyumba okha mpaka dzuwa kupendeka.

Kulemba wantchito woti azikhala nawo ndi njira imene ambiri amaiganizira. Mu Januwale 2024, malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba mwalamulo anaikidwa pa K1,300 pa mwezi, ndipo womulemba ayeneranso kumudulira NAPSA. Sungani nambala imeneyi m'mutu pamene tikuona zomwe boma limapereka.

Social Cash Transfer ndi malire ake

Pulogalamuyi inayamba mu 2003 ku Kalomo, ndipo chigawo chathu chino chinali m'gulu la malo oyamba kuiyesa. Chipata inalowamo mu 2006, Katete mu 2007. Imayendetsedwa ndi unduna wa Community Development and Social Services kudzera mu ofesi ya Social Welfare ya pa boma, ndipo m'midzi ndi m'makomboni maso ake ndi makomiti odzipereka otchedwa CWAC. Nyumba zomwe zimaganiziridwa ndi zomwe muli munthu wa zaka 65 kapena kuposerapo, wolumala kwambiri, wodwala matenda osachiritsika amene wangotsala pa chisamaliro chochepetsa ululu, nyumba yotsogoleredwa ndi mwana, ndiponso yotsogoleredwa ndi mayi wolera ana atatu kapena kuposerapo. Mu 2022 nyumba inkalandira K200 pa mwezi, yoperekedwa pamodzi K400 pa miyezi iwiri iliyonse, ndipo nyumba yokhala ndi wolumala kwambiri inkalandira kawiri kake. Kuchokera pa chilala cha 2024 ndalamayi inakwera kufika K400 pa mwezi. Ngakhale itakwera chomwecho, siikwana ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a wantchito uja.

Pali zinthu zitatu zomwe zimakhumudwitsa mabanja, ndipo zonse zimachokera ku momwe pulogalamuyi inapangidwira.

Choyamba, kukwanitsa zaka 65 pakokha sikukwanira. Dzina likalembedwa, pamabwera anthu kudzaona kakhalidwe ka pakhomo, monga denga, pansi pa nyumba, chimbudzi, kowunikira ndi katundu. Mayankhowo amalowetsedwa mu kompyuta, yomwe imasiyanitsa osauka ndi opezako bwino, kenako mayina amawerengedwa pa msonkhano wa anthu a m'deralo kuti avomereze. Apa ndi pamene wosamalira wa pantchito amagwera. Ambuya ali kumudzi kwa Chikuwe kapena ku Vubwi m'nyumba yaudzu, akuyenerera. Mwana wawo, mphunzitsi, wawatenga kudzakhala nawo ku Kalongwezi kuti akhale pafupi ndi chipatala. Tsopano ali m'nyumba ya malata ndi magetsi, ndipo pa pepala sakuonekanso osauka, chikhalirecho ndalama zomwe zikutuluka pa iwo zachuluka kuposa kale. Mwana amene wachita zoyenera ndiye wawachotsetsa pa mzere.

Chachiwiri, ndalamayi ndi ya nyumba, si ya munthu. M'nyumba mukakhala nkhalamba ziwiri, mwamuna ndi mkazi, zimalandira imodzi.

Chachitatu, kulemba mayina atsopano sikuchitika tsiku lililonse. Kumabwera pa nthawi yake, malinga ndi ndalama zomwe zaikidwa mu bajeti. Amene wadwala kulemba kutangotha amadikira.

Ndiye banja lichitenji? Liyambe ndi reji. Nkhalamba zambiri za kuno zinataya rejiyo (NRC), kapena chaka chobadwa chinalembedwa mongoyerekeza n'kuwachepetsera zaka. Zimenezi zimakonzedwa ku ofesi ya National Registration, ndipo ndi bwino kuzikonza munthu akadali woyenda ndi wolankhula. Kenako dziwitsani a CWAC a m'dera lanu kuti dzina likhale nawo kulemba kusanafike. Ngati agogo afa ziwalo, achita khungu kapena sakutha kudzithandiza m'pang'ono pomwe, musawalembetse ngati okalamba chabe. Pemphani kuti adokotala awapime ndi kulemba za kulumalako, ndipo funsani za khadi la olumala lomwe limaperekedwa ndi Zambia Agency for Persons with Disabilities, chifukwa nyumba yokhala ndi wolumala kwambiri imalandira zochulukirapo. Mabanja ambiri saganizako zoti sitiroko ya paukalamba nayonso ndi kulumala, amangoti ndi ukalamba, n'kuphonya ndalama yomwe ikanagula matewera ndi sopo.

Wolandira amene sangathe kuyenda amaloledwa kusankha womulandirira, ndipo dzina lake limalembedwa ku ofesi. Musankhe amene amagona m'nyumba imodzi ndi agogowo, osati wachibale wolemekezeka wokhala kutali. Kumene ndalama zimabwera pa foni, simu ikhale yolembetsedwa ndi reji ya mwini wake, isasiyidwe miyezi yambiri osaigwiritsa ntchito chifukwa imatsekedwa, ndipo nambala yachinsinsi isadziwike kwa mdzukulu aliyense wobwereka foni. Mukawasamutsa kuchoka ku Lundazi kapena ku Petauke kubwera ku Chipata, kanenani ku Social Welfare ya komwe akuchoka musananyamuke. Osanena, a komiti akapeza nyumba ili yotseka amalemba kuti munthu anasamuka, ndipo kubwezeretsa dzina lomwe lachotsedwa ndi ntchito yaikulu kuposa kulisamutsa. Ofesi yomweyo ya Social Welfare ilinso ndi kathumba ka thandizo la mwadzidzidzi kotchedwa Public Welfare Assistance Scheme, komwe nthawi zina kamathandiza ndi chakudya kapena zofunda, koma ndi kochepa ndipo sikodalirika mwezi ndi mwezi.

Kuchipatala

Pa kiliniki ya boma chithandizo choyambirira n'chaulere. Ndalama zolipira zinachotsedwa kumidzi mu 2006, kenako m'dziko lonse mu 2012. Chomwe chimadya ndalama ndi mayendedwe, mankhwala akasowa pa shelefu, ndi zopima za ku chipatala chachikulu monga Chipata Central, St Francis ku Katete kapena Mwami. Apa ndi pomwe NHIMA imathandiza. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, ndipo wa pantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, bwana wake n'kuwonjezera 1 peresenti. Anthu opitirira zaka 65 salipira, koma ayenera kulembetsa ndi reji yawo. Kulembetsako kuchitike lero, munthu ali bwino, osati tsiku lomwe wagonekedwa pa benchi ya ku OPD, kofikira odwala kuchipatala. NHIMA imalipira kuonana ndi adokotala, kupima, mankhwala ndi kugonekedwa m'zipatala zomwe inavomereza. Silipira takisi yochokera ku Mchini usiku, silipira womudikirira pa wodi, ndipo m'zipatala zathu wodwala wosatha kudzithandiza amafunika wachibale pambali usana ndi usiku.

Kwa odwala BP ndi shuga amene matenda awo akhazikika, funsani ngati n'kotheka kupatsidwa mankhwala a nthawi yotalikirapo ndiponso kutengera pa kiliniki yapafupi. Tsiku lililonse lomwe simunapite kukaima pa mzere ndi tsiku lomwe mwasunga pa ntchito. Akatuluka m'chipatala atadwala sitiroko, musachoke osaonana ndi a fizo, akatswiri owongola ziwalo, kuti akuonetseni ndi manja momwe mungawongolere mkono ndi mwendo, ndi momwe mungawanyamulire kuchoka pa bedi popanda kudzithyola msana. Wodwazika akavulala msana, panyumba pamakhala odwala awiri.

Chomwe lamulo la ntchito limapereka

Employment Code Act ya 2019 ili ndi ndime zomwe wa pantchito aliyense ayenera kuzidziwa. Amene wagwira ntchito miyezi 6 kapena kuposerapo ali ndi ufulu wa masiku ofika 7 pa chaka, olipidwa, oti adwazike mkazi kapena mwamuna wake, mwana wake, kapena munthu amene amadalira iye, ndipo bwana angathe kufuna kalata ya adokotala. Palinso masiku 3 olipidwa a zosamalira banja, monga kuperekeza kuchipatala. Masikuwa sachotsedwa pa tchuthi cha pachaka, chomwe ndi masiku awiri pa mwezi uliwonse womwe wagwira.

Koma onani bwino. Ndime ya kudwazikayi siitchula kholo. Kholo likutchulidwa mu ndime ina, ya tchuthi cha chisoni, yomwe imapereka masiku 12 pa chaka munthu akaferedwa mkazi kapena mwamuna, kholo, mwana kapena womudalira. Ndiye kuti lamulo limakumasulani momveka bwino kuti mukaike amayi anu m'manda, koma pa zowadwazika akadali moyo mumayamba mwakambirana ndi abwana. Ife tikuona kuti apa lamulo linaphonya, ndipo kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri za boma. Pakadali pano pali polowera. Ndime ya chisoni ija imalolanso tchuthi pa chifukwa china chomveka chokhudza chifundo, ndipo kholo lomwe lagonekedwa lili kayakaya ndi chifukwa chomveka. Pemphani molemba, phatikizani kalata ya kuchipatala, sungani kope. Ngati pa ntchito panu pali yuniyoni, onani pangano lake, chifukwa mapangano ena amapereka zoposa zomwe lamulo limanena. Bwana akakana popanda chifukwa, nkhaniyo imapita ku ofesi ya Labour.

Zonsezi ndi za olembedwa ntchito. Wogulitsa salaula, woyendetsa njinga ya kabaza, mlimi wa fodya kapena mtedza alibe womupempha tchuthi. Tsiku lomwe sanapite, ndalama palibe. Ndipo anthu otere ndiwo ochuluka kuno kum'mawa. Mlimi amene amayi ake adwala mu Disembala amapalira mochedwa, fetereza amathira mochedwa, ndipo chilango chake amachiona pokolola.

Penshoni ya agogo ndi penshoni yanu

Ngati nkhalambayo inagwirapo ntchito yolembedwa, fufuzani kaye zomwe ili nazo. NAPSA inayamba kugwira ntchito mu 2000. Amene anali m'boma kale chisanafike chakacho ambiri ali ku Public Service Pensions Fund, ndipo a m'makhonsolo ali ku Local Authorities Superannuation Fund. Mkazi wamasiye angakhale ndi gawo pa penshoni ya malemu mwamuna wake osadziwa. Olandira penshoni amafunsidwa nthawi ndi nthawi kutsimikiza kuti ali moyo, ndipo ndalama zambiri zimaima chifukwa chakuti munthu ali chigonere ndipo palibe anakanena.

Koma nkhani yomwe siikambidwa kawirikawiri ndi penshoni ya wosamalirayo. Ku NAPSA wantchito amadulidwa 5 peresenti, bwana n'kuikapo 5 peresenti, ndipo kuti munthu adzalandire penshoni ya mwezi ndi mwezi amafunika kukhala atapereka kwa miyezi 180, zomwe ndi zaka 15. Osakwanitsa, amapatsidwa ndalama ya kamodzi basi. Mayi amene wasiya ntchito atapereka zaka 11 kuti akadwazike, ndiye osabwereranso, wataya malipiro a lero ndi penshoni ya mawa pamodzi. Musanalembe kalata yosiya ntchito, kaoneni kuti miyezi yanu yakwana ingati, funsani a NAPSA za njira yopitirizira kupereka panokha, ndipo yesani kaye kupempha tchuthi chosalipidwa kapena kusintha mashifiti. Kuyambira mu 2023 munthu amaloledwa kutapako 20 peresenti ya zomwe anasonkha, ngati wapereka miyezi 60 kapena wakwanitsa zaka 45. Mwayiwu ndi wa kamodzi kokha ndipo umachepetsa zomwe mudzalandire. Kugwiritsa ntchito ndalamayo pogula bedi labwino, njinga ya olumala kapena kumanga chimbudzi chokhala pansi pafupi ndi khomo kuli ndi nzeru. Kuidyera pa zogula za tsiku ndi tsiku kumaitha miyezi yochepa, matenda akadalipo. Komabe ndi yabwino kuposa kaloba.

Kwina amachita bwanji

Ku Britain kuli Carer's Allowance, ya munthu wosamalira wina kwa maola 35 kapena kuposerapo pa sabata. Vuto lake n'lakuti ukangopitirira malire a zomwe umaloledwa kupeza pa ntchito, ndalama yonse imaduka, choncho imakankhira anthu kuchepetsa ntchito. Ku Germany, kuyambira mu 1995, kuli inshuwalansi ya chisamaliro yomwe imapereka ndalama kwa wodwala wosamaliridwa pakhomo, ndipo imasonkhera wosamalirayo penshoni. Ku Japan inshuwalansi yotere inayamba mu 2000, anthu amayamba kusonkha ali ndi zaka 40, ndipo wa pantchito angatenge masiku ofika 93 osamalira wachibale akulandira 67 peresenti ya malipiro. Njira zimenezi zimayenda chifukwa anthu ambiri kumeneko ali pa ntchito zolembedwa zomwe ndalama imadulidwa mosavuta, zomwe kuno sizili choncho. N'chifukwa chakenso kuchotsera msonkho anthu osamalira makolo sikungafike patali. Mu 2024 wolandira K5,100 pa mwezi kapena kucheperapo sankalipira msonkho wa pa malipiro, ndiye amene angapindule ndi omwe ali kale pabwino.

Zoyandikira kwa ife zili kum'mwera. Ku South Africa, wolandira ndalama ya ukalamba amene akufunika womusamalira nthawi zonse amapatsidwa kandalama kena kapamwamba. Botswana kuyambira mu 1996 ndi Lesotho kuyambira mu 2004 amapereka penshoni kwa nkhalamba popanda kufunsa za denga la nyumba. Ndipo sitifunika kupita kutali. Zomwe zinayesedwa ku Katete mu 2007 zinali zimenezi: m'madera omwe anasankhidwa, munthu wa zaka 60 kapena kuposerapo ankalandira yake, payekha, chifukwa cha msinkhu basi. Pambuyo pake boma linaphatikiza njira zosiyanasiyana kukhala imodzi yoyang'ana nyumba. Ubwino wa njira ya ku Katete pa nkhani yathuyi ndi woonekeratu. Ndalama ikakhala ya munthu, imamutsatira kulikonse komwe ana ake amutengera, ndipo palibe amene amalangidwa chifukwa chosunga kholo m'nyumba ya malata.

Dziko lili ndi ndondomeko ya za okalamba ya 2015, yomwe imaika banja patsogolo pa chisamaliro. Nyumba za boma zosungira okalamba ndi zochepa ndipo zili kutali, monga Maramba ku Livingstone ndi Chibolya ku Mufulira, ndipo ambiri kuno sangalole kutumizako kholo. Ngati boma likudalira banja chotere, liyenera kuikapo dzanja. Kwa ife zoyambira ndi izi: kholo litchulidwe mu ndime ya tchuthi chodwazika, ndalama ya ukalamba ikhale ya munthu, pakhale kowonjezera kwa amene adokotala atsimikiza kuti sangadzithandize, ndipo miyezi yomwe munthu wakhala akudwazika iwerengedwe ku NAPSA. Okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo ndi gawo laling'ono la anthu a m'dziko lino, choncho ino ndiyo nthawi yomwe zimenezi zingayambike pa mtengo wopiririka.

Za m'banja ndi za mu wadi

Pa mwambo wa Achewa, mayi amakalambira pakati pa mbumba yake, ndipo katundu amagwera mwana wamkazi amene anatsala pamudzi. Kwa Angoni kawirikawiri amagwera mtengwa. Konsekonse ndi mkazi, ndipo abale a ku Lusaka ndi ku Copperbelt amatumiza ya mankhwala n'kuganiza kuti amaliza. Khalani pansi pamaso pa ankhoswe kapena amalume, mulembe zotuluka pa mwezi, ndipo pa mndandandawo muikepo ndalama ya wodwazikayo ndi masiku ake opuma, kuti pa mwezi pakhale sabata yomwe wina abwere kudzamulandira. Wodwazika wotopa ndi wosagona ndiye amayamba kukalipa ndi kukankha, osati chifukwa cha nkhanza koma chifukwa mphamvu zatha. Agogo akayamba kuiwala mayina, kusochera kapena kutuluka usiku osavala, amenewo ndi matenda a muubongo obwera ndi ukalamba. Apite nawo kuchipatala, adziwitseni anyakwawa ndi anansi msanga mphekesera za ufiti zisanayambe, ndipo dziwani kuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu pa malamulo a Zambia.

Ndalama ya boma yomwe anthu wamba angathe kuikokera ku nkhaniyi lero ndi CDF (Constituency Development Fund), ndalama ya chitukuko cha m'konstichuwensi, yomwe inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe. Zitukuko zake zimayambira ku Ward Development Committee, ndipo magulu olembetsedwa monga makalabu ndi makopaletivu amatha kupempha thandizo. Chomwe chingamasule anthu ambiri a pantchito si nyumba yogonamo okalamba, koma malo a masana: chipinda pafupi ndi kiliniki kapena tchalitchi, chokhala ndi khomo lopanda masitepe, chimbudzi chokhala pansi chokhala ndi zogwirira, matiresi angapo okutidwa ndi pulasitiki, chakudya chamasana, ndi anthu awiri kapena atatu ophunzitsidwa. Achibale amawasiya m'mawa n'kuwatenga poweruka. Amene akulemba pempho lotere alembe chiwerengero cha nkhalamba zosatha kudzithandiza mu wadi yawo, chomwe a CWAC ndi a kiliniki angathandize kusonkhanitsa, ndipo asonyeze komwe malipiro a osamalirawo ndi ndalama ya chakudya zidzachokera mwezi ndi mwezi, chifukwa CDF imamanga ndi kugula zipangizo mosavuta kuposa kulipira anthu chaka ndi chaka. Pempho lopanda yankho pa funso limeneli limabwezedwa, kapena chipinda chimamangidwa n'kukhala chotseka.